Nyemba za Apongozi

Ine ndinakulira kumtunda, kumene madzi ambiri amene munthu angaone ndi a pachithaphwi chomwera ng'ombe. Mbuzi ndasendapo, nkhumba ndatumbulapo, ndowe za m'khola ndawolapo ndi manja, ndipo sindinkadziwa kuti ndine munthu wanseru. Ndinakadziwira m'boti la apongozi anga.

Botilo linali laling'ono, loyera, la injini imodzi kumbuyo. Apongozi aamuna analigula atapuma pantchito yawo yoyendetsa basi. Sanagulire malonda ayi. Ankangofuna kuti Loweruka lililonse azipita kutali panyanja yamchere, kumene mtunda suoneka, kukawedza mongosangalatsa mtima. Akabwera ndi nsomba zawo ankaziwotcha okha kuseri kwa nyumba, n'kutiitana tonse. Kenako anadwala sitiroko. Anachira ndithu, kuyenda ankayenda, kulankhula ankalankhula, koma dzanja lamanzere linatsala laulesi ndipo mlomo unapendekera mbali imodzi. Kuyambira pamenepo ankangokhala pampando pabalaza, kansalu kopukutira malovu kali pabondo, maso ali pakhoma.

Nkhani inagamulidwa tsiku lina tikudya kwawoko. Anaiyamba ndi apongozi aakazi.

"Boti lija ligulitsidwe. Makaniko wa kudoko uja wakhala akundifunsa."

"Muyambe mwagulitsa ine," anatero bambowo.

"Inu angakuguleni ndani? Ngakhale kukuperekani ulere munthu angabweze. Ndati ligulitsidwe. Sindikufuna kudzaitanidwa kudoko kuti ndikazindikire chipewa."

"Nanga patapezeka wopita nane?"

"Apezeke wamphamvu, woti mukagwa akudzutseni. Osati wokagona m'boti n'kumasanza, odwala n'kukhala awiri."

Mlamu wanga amakhala kutali. Mkazi wanga anali ndi khanda kumanja. Ndinangomva phazi lake likundiponda kunsi kwa tebulo, ndipo nditadzutsa mutu ndinapeza maso onse ali pa ine.

"Si awa a Kumtunda alipo," anatero bambo, poti ndimo ankanditchulira. "Taonani mapewawo. Munthu wonyamula matumba a feteleza kusitolo tsiku ndi tsiku angaope madzi?"

Amayi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati mbuzi ya pamsika.

"Tiona Loweruka. Akakasanza kumeneko, Lolemba makaniko adzatenge makiyi."

Ndinavomera. Paja wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima.

Loweruka m'mawa ndinafika kwa apongozi dzuwa litangotuluka. Amayi anali atandiikira kale mbale patebulo: nyemba zofiira zotsala dzulo lake, za tomato ndi anyezi, buledi pambali, ndi tiyi wamkaka.

"Idyani, mkamwini. Panyanja palibe sitolo."

Njala ndinalibe, koma chakudya cha apongozi sukana. Panja bambo anali atayamba kale kuliza hutala ya galimoto, ndiye nyembazo ndinangozimeza osatafuna, ngati nkhuku yatola chimanga.

Kudoko chinayamba kundilonjera ndi fungo. Bambo anali ndi kashedi kawo ka malata kosungiramo ndodo zowedzera, zingwe ndi firiji yakale. M'firijimo anatulutsamo chidebe chovundikira.

"Nyambo yathu iyi. Mitu ndi matumbo a nsomba, ndinasunga ndisanadwale."

"Magetsi sanazimepo chiyambire, bambo?"

"Amazima, amabwera. Nsomba sizifunsa zimenezo."

Atavundukula, ntchentche zinafika ngati zachita kuitanidwa. Zam'katizo zinali zobiriwira pamwamba, zotuwa pansi, zikuchita thovu pang'onopang'ono. Ine khoswe wofera kudenga ndamununkhizapo, koma uyu anali mkulu wake. Ndinanyamula chidebecho nkhope nditalozetsa kumbali, madzi ake akundidonthera pansapato.

Anandiveka jekete yoyandamitsa munthu, yonunkha nkhungu ndi thukuta la anthu ena, ndipo tinanyamuka. Tisanatuluke m'doko madzi anali bata, ndipo ndinayamba kudzitama chamumtima kuti zinthu zake n'zomwezi basi. Titangodutsa khoma la miyala lotchinga mafunde, boti linakwera phiri, n'kutsika, n'kukweranso. Nyemba zija nazo zinakwera, n'kutsika, koma osafika pamene zinali.

Bambo ndiye anali munthu wina. Aja a pampando aja anatsala kunyumba. Awa anakhala kumbuyo, dzanja lamanja pachiwongolero cha injini, chipewa chili chapambali, akuimba nyimbo zopanda mutu. Ankandilozera mbalame zoyera zimene zinkatitsatira, n'kumandiuza kuti iyo ndi yaulesi, iyo ndi mbava. Malovu ankatsika pachibwano, mphepo n'kumawaulutsa, iwo osasamala n'komwe.

Nyumba zinachepa, zinasanduka timadontho, kenako zinamira. Kunatsala nsanja ya foni yokha, yowonda ngati singano. Apo m'pamene anazimitsa injini.

Ndinkaganiza kuti tikaima zikhala bwino. Ayi ndithu. Boti loima limavina mbali zonse. Utsi wa petulo unatizinga, dzuwa linayamba kuwotcha chidebe chija, ndipo bambo anapisamo dzanja mpaka m'kasukusuku, n'kuvundula, n'kumawaza zowolazo pamadzi ngati akufesa mapira. Anasankha mutu umodzi wa nsomba wopanda maso, anaudula ndi mpeni, n'kuukoloweka pambedza yanga. Kenako anapukuta mpeniwo pathalauza kamodzi kokha, anatulutsa buledi m'thumba, n'kudula ndi mpeni womwewo.

"Kwayani, a Kumtunda. M'mimba mukakhala mopanda kanthu m'pamene nyanja imakuzunza."

Pabuledipo panali chidindo cha chala chawo chachikulu, chobiriwira.

"Ndakhuta, bambo, zikomo."

"Mwayamba kutuwatu inu."

"Ndi dzuwa chabe."

"Yang'anani kutali, kumene madzi akumana ndi mtambo. Musayang'ane pansi. Ndipo musaganize za chakudya." Ananena zimenezi akutafuna buledi uja, nyenyeswa zikugwera m'chidebe.

Tinakhala. Zingwe zathu zinali m'madzi, osagwedezeka. Ine ndinkameza malovu, ena n'kubwera, ndimeze, ena n'kubwera. Ndinayang'ana kutali monga anandiuzira, koma kutaliko nakonso kunkapendama. Ndinayesa kuganiza za kwathu, za nthaka youma yosasuntha, za mwala umene ndinkakhalapo poweta mbuzi. Ndinkadziwa chimene chili pakhosi panga: si nyemba zokha, ndi boti la munthu.

Bambo anasiya kuimba. Ankandiyang'ana mwakachetechete.

"Limbani, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. Sanandiitanepo choncho chikwatirire.

Ndinalimba mpaka pamene funde lina linatikweza chammbali, chidebe n'kupendama, msuzi wake n'kundithira pamwendo, wofunda ngati mkodzo. Basi. Ndinangogwira m'mphepete mwa boti, khosi kunja, zonse khuthu! Zinatuluka m'kamwa ndi m'mphuno momwe. Tiyi, buledi, nyemba zathunthu zikumira pang'onopang'ono m'madzi oyera mbee, ine ndikuziona.

"Mwandipha," anatero bambo. Sanakalipe. Anangovula chipewa n'kuchiika pabondo, pamene pankakhala kansalu kaja.

Ndikadali chiweramire, ndinaona tinsomba ting'onoting'ono tikutulukira pansi pa boti. Tinabwera gulu, tikulimbirana masanzi anga, tikujompha, tikuthamangitsana. Nseru inabweranso ndi mphamvu, ndipo ndinatiwonjezera. Kenako tinsombato tinabalalika nthawi imodzi, ndipo pansi pake panadutsa chithunzithunzi chachikulu, chofiirira, chikuyasamula kukamwa ngati thumba.

Ndodo yanga, imene ndinaipanira ndi bondo, inapindika mpaka nsonga kukhudza madzi.

"Gwirani! Gwirani, a Kumtunda! Chimkamwa chimenecho! Musachipatse mpata, chikalowa kumiyala!"

Ndinagwira. Sindikudziwa kuti mphamvu ndinazitenga kuti. Chinkakoka ngati ng'ombe yokana goli. Ndikapukusa chingwe pang'ono, icho n'kulanda chonse. Chibwano changa chinali chonyowa, malaya onyowa, m'kamwa mowawasa, ndipo bambo anali kukhutu kwanga akukuwa, malovu awo akundiwaza patsaya.

"Kwezani ndodo! Tsitsani mukupukusa! Osati choncho, mukulima kodi? Eya! Eya, choncho!"

Chitafika pambali pa boti, bambo anatenga ngowe yachitsulo, anachikola pansi pa mutu, n'kukoka ndi manja onse awiri, lamphamvu ndi laulesi lomwe. Chinagwera m'boti kuti phi! Chinali chotalika ngati mwendo wanga, maso otuzuka, thupi lonse lamatelezi. Chinadzimenyetsa pansi, magazi ndi zonanda zikuthovukira kumaso kwathu, mpaka bambo anachikhoma pamutu ndi chibonga.

Anaseka, anaseka, kenako anakhala pansi mwadzidzidzi. Kuseka kunatha. Ankapuma ngati akwera phiri, ndipo dzanja lamanzere linkanjenjemera lokha pamwendo ngati nkhuku yodulidwa mutu. Anayesa kukoka chingwe cholizira injini ndi lamanja, koma nalo linalibe mphamvu.

"Bambo, muli bwino?"

"Ndangotopa. Si zija ayi, nkhope yanga ndikuimva. Koma chiwongolero sindigwira." Anandiyang'ana. "Njinga yamoto munayendetsapo?"

"Ya kuntchito."

"N'chimodzimodzi, kungoti kuno kulibe maenje. Khalani apa. Mukafuna kumanja, kankhirani kumanzere. Mphuno ya boti iloze nsanja ija."

Ndinakoka chingwe, injini inalira, ndipo tinauyamba wobwerera. Funde likabwera ankandiuza kuti ndilidule chapambali, ndisalimenye ndi mutu. M'mimba munalibenso kanthu, koma nseru sinadziwe zimenezo. Ndinkaweramira kumbali, kutuluka ndulu yokha yachikasu, dzanja lili gwa pachiwongolero, maso n'kubwereranso pansanja. Pamapazi panga nsomba ija inkatsetsereka uku ndi uku m'madzi a magazi, ikundikhudza akakolo.

Titalowa m'doko bambo anali atapezako bwino. Anandiuza kuti nditsuke kumaso, ndichape malaya pampopi wa pashedi, n'kundipatsa switi ya m'thumba mwawo yomatirira ulusi ndi mamba a nsomba.

"Tamverani, a Kumtunda. Inu simunasanze. Ine sindinatope. Mwamva?"

"Ndamva, bambo."

"Tsinani masayawo, aoneke amoyo."

Galimoto ndinayendetsa ine, koma titatsala pang'ono kufika anati tisinthane, kuti akalowe pageti ali pachiwongolero.

Amayi anali pakhonde, mkazi wanga ali pambali pawo ndi mwana.

"Zayenda bwanji?" anafunsa amayi.

"Funsani nsombayi," anatero bambo. "Agwira ndi awa. Munthu uyu ndi mtengo wa magetsi, mafunde achita kutopa naye."

"Malaya anyowa bwanji?"

"Nanga tinapita kumunda?"

Amayi anandiyang'ana m'maso, ine n'kuyang'ana nsomba.

Lamulo la bambo linali lakuti wogwira ndiye wotumbula, ndiyenso wowotcha. Lamulo la amayi linali lakuti zonsezo zichitikire panja, khitchini yawo isanunkhe. Choncho ndinaigoneka pathabwa pafupi ndi mpopi wa kuseri, bambo akukoleza makala pambaula chapatali pang'ono. Ndinapala mamba. Anali aakulu ngati zikhadabo, ankathethekera kumaso, kumamatira m'tsitsi ndi pamilomo. Ntchentche zinandipeza. Mphaka wa pakhomopo anakhala potero akundidikira.

Ndinalowetsa mpeni pamimba n'kung'amba chokweza. Matumbo anakhuthukira pathabwa, ofunda ndi dzuwa, ndipo pakati pake panali chifu chotupa ngati chibaluni. Ndinafuna kuchichotsa chathunthu, koma nsonga ya mpeni inachibaya.

Munatuluka nyemba.

Zofiira, zathunthu, zina zosasupuka n'khungu lomwe. Timakoko ta tomato. Kachidutswa ka anyezi. Zonse zili m'madzi otuwa amene fungo lake ndinalizindikira, poti linali langa.

Ndinakhala chogwada, mpeni m'manja, dziko likuzungulira ngati ndikadali panyanja. Chinthu chimene ndinadya m'mawa, n'kuchitaya pakati pa nyanja, chanditsatira mpaka kunyumba, ndipo tsopano ndichiwotche chonyamulira chake, ndidye.

Pamenepo maganizo ena anandinong'oneza. Ndikangozisiya pathabwa pomwepa, amayi aziona okha. Sindinanene kanthu, sindinaswe pangano. Lolemba makaniko atenga makiyi, ndipo ine chidebe chija sindidzachionanso moyo wanga wonse.

Ndinacheuka. Bambo anali atagwada pambaula akuuzira moto ndi mlomo wawo wopendekera, mpweya ukuthawira kumbali, phulusa lili m'nsidze. Pakati pa kuuzirako ankaimba kanyimbo kawo kaja.

Ndinatunga nyembazo ndi manja anga awiri, kuti ndikazitaye mu ngalande.

"Taimani kaye, mkamwini."

Amayi anali kumbuyo kwanga ndi beseni la mchere, mandimu ndi adyo. Analiika pansi bwinobwino. Anawerama, anatola nyemba imodzi m'manja mwangamo ndi zala ziwiri, n'kuiyang'anitsitsa padzuwa.

"Bambo ake," anaitana. "Nsomba za masiku ano zayamba kulima nyemba?"

Bambo anabwera, anasuzumira, n'kukanda m'mutu.

"Zimagwa m'sitima zikuluzikulu zija. Amalinyero amadya nyemba kwambiri."

"Amalinyerowo anyezi amadula ngati ine?"

Anaiponyera mphaka nyembayo. Mphaka anainunkhiza, n'kuchokapo. Amayi anasamba m'manja pampopi nthawi yaitali, ndi sopo, n'kulowa m'nyumba.

Ine ndi bambo tinatsala awiri. Kenako iwo anati, "Tsukani bwino m'mimbamo. Nsomba sinalakwe."

Ndinatsuka, n'kutsukanso, n'kutsukanso, mpaka bambo anandilanda paipi. Tinaicheka mizere m'mbali, tinathira mchere ndi adyo, tinafinyira mandimu, n'kuigoneka pawaya. Mafuta ake ankadonthera pamakala, utsi n'kumakwera. Anthu odutsa kuseri kwa mpanda ankati kukununkhira. Ine ndinkapumira m'kamwa.

Patebulo nsomba inadzaza thireyi yonse. Mkazi wanga anabweretsa mpunga ndi masamba. Bambo anagawa okha monga mwa nthawi zonse, koma mwakachetechete, ngati munthu wogawa katundu wa pamaliro. Anadula chidutswa cha pamimba, chofewa, chonyezimira mafuta, n'kuika m'mbale mwanga.

"Pamimba m'pa wogwira," anatero. "Pamenepo ndiye pali mafuta."

Pamimba. Pomwe paja.

Amayi anapemphera mwachidule. Atatsegula maso sanagwire supuni.

"Mkamwini, inu makolo anu anakulerani bwino, bodza silikukhalani. Munasanza nthawi yanji?"

"Tisanagwire nsomba, amayi."

"Ndiye nsombayi anakoka ndani?"

"Ine."

"Mutasanza kale?"

"Ndikusanzabe."

Mkazi wanga anatseka pakamwa ndi nsalu ya mwana, mapewa akugwedezeka.

"Nanga pobwera, boti anayendetsa ndani?"

Apa bambo anatsokomola. Anandiyang'ana ndi maso aja a m'boti, a munthu amene wavula chipewa. Amayi sanawacheukire n'komwe.

"Musayang'ane awo. Dzanjalo ndaliona kale, likulephera ndi kapu yomwe. Ndafunsa inu."

Ndinaona kuti njira zonse zatsekeka. Ndikati anayendetsa bambo, ndine wosanza wopanda ntchito, boti lapita. Ndikati ndinayendetsa ine, ndaulula kuti bambo anafooka pakati pa nyanja.

"Ndinayendetsa ine, amayi. Iwo ankandiuza njira."

"Mpaka kudoko?"

"Mpaka kudoko."

"Osawagwetsera m'madzi."

"Ayi."

Ntchentche imodzi inatera pamutu wa nsomba, amayi n'kuiingitsa. Kenako anatambasula dzanja kwa amuna awo.

"Makiyi."

"Mayi ake, tamverani kaye..."

"Ndati makiyi."

Bambo anapisa m'thumba pang'onopang'ono, ngati akuzula dzino lawo lomwe. Anali makiyi a shedi ndi a loko wa boti, omangidwa pakachingwe konona ndi litsiro, kakununkha nyambo. Amayi anawagwira ndi nsonga za zala, anawayang'ana monyansidwa, n'kuwaika pambali pa mbale yanga.

"Azikhala kwa awa. Awa akapanda kupita, inu simupita. Mukadzangoyerekeza kupita nokha, tsiku lomwelo ndikaitana makaniko. Ndipo chidebe cha nyambo chimene fungo lake ladzaza m'galimotocho chikatayidwe, ndisadzachimvenso."

"Chidebe chokha ndiye ayi, mayi ake, nyambo imeneyo..."

"Mukufuna boti kapena chidebe?"

Bambo anagonja. Koma mbali yamoyo ya nkhope yawo inali itayamba kale kumwetulira, ndipo inayo inkayesetsa kutsatira.

Ine ndinayang'ana makiyiwo. Loweruka lililonse. Mafunde aja, utsi uja, buledi wa chidindo. Mkazi wanga anandipondanso phazi kunsi kwa tebulo, ulendo uno mofatsa.

"Idyani, mkamwini, izizira," anatero amayi. "M'mimba mwanumo tonse tikudziwa kuti mulibe kanthu."

Ndinabenthula kachidutswa ka pamimba paja. Ndinakayang'ana, ndinatseka maso, n'kuika m'kamwa. Kanasungunuka palilime, ka mafuta, ka mandimu, ka utsi wa makala. Chimene chinandinyansa koposa zonse za tsikulo n'chakuti kanali kokoma. Ndinameza, khosi linakana, ndinamezanso, kanatsika. Ndinamwera madzi kapu yonse.

Bambo anali atayamba kale kuswa mutu wa nsomba ndi zala. Anakolowola diso, analiponya m'kamwa, n'kumalitafuna mosangalala, mafuta akutsikira pachibwano. Atameza anapukuta mlomo ndi kuseri kwa dzanja, n'kutembenukira kwa akazi awo.

"Mayi ake, poti chidebe mwaletsa, Loweruka likubwerali muwaphikirenso nyemba zija a Kumtunda. Muwonjezere ndithu, mbale ikhale yodzaza."